Chifalansa cha a Luhanga

Jeremiah Kachiwanda sankawakhulupirira anthu okhala m'mipanda ya njerwa. Zaka zonse zimene anakhala akukhoma ndowa ndi mbaula kuseri kwa msika wa Kawale zinamuphunzitsa kuti munthu wa geti akakufuna amakuitana ndi mawu a uchi, koma ntchito ikatha ngakhale galu wake amakuiwala. Choncho mayi wina wa ku Area 25 atamuimbira foni kuti akakonze ngalande ya padenga imene inkathira madzi pazenera, Jeremiah anayamba wang'ung'udza, kenako n'kuvomera. Mitambo inali itayamba kusonkhana, ntchito inali yosowa, ndipo mimba sidziwa kunyada.

Anatsikira pa Nsungwi, thumba la zida paphewa, n'kuyenda mofunsira mpaka anaipeza nyumbayo. Mayi anamuitanayo anali Keziah, wogwira ntchito mu ofesi ku Kanengo, koma tsikulo anali pakhomo, chitenje chomanga mopotoka, maso ali psuu ngati munthu wochokera kogona pamaliro.

"Amisiri, zenera lake ndi ilo," anatero akuloza kumbali kwa nyumba. "Koma mukhome pang'onopang'ono. Ndi chipinda cha adada. Akudwala."

"Malata sadziwa kunong'ona, mayi," anayankha Jeremiah. "Koma tiyesa."

Pakhonde panali amayi a Umanyano, gulu la amayi a mpingo wa anthu akumpoto, atavala zoyera ndi zakuda. Anabwera kudzazonda matenda, ndipo atatopa ndi kuimba anangokhala pamkeka n'kumasenda mtedza. Jeremiah anawapatsa moni wa pakamwa pokha, n'kutsamiritsa makwerero kukhoma, n'kukwera.

Zenera linali lotsekula cha pamwamba. Ali mkati mochotsa masamba ovunda m'ngalandemo, anamva Keziah akunyengerera m'chipinda.

"Adada, supuni imodzi yokha. Phala ili ndathira mkaka. Imodzi yokha, adada."

Kenako panamveka mawu a nkhalamba, osasa ndi olemera ngati otuluka m'mtsuko, koma okwera kumapeto kwake ngati chikwapu:

"Qu'est-ce que c'est?"

Jeremiah anagwira makwerero ndi manja onse awiri. Anasuzumira pamwamba pa katani, n'kuona dzanja lowonda litakweza supuni m'mwamba. Mutu wake usanaganize kanthu, pakamwa panali patayankha kale, monga mwendo umadzidzimukira ukapondera khala la moto:

"C'est une cuillère, Monsieur!"

Ichi n'chiyani? Ndi supuni, aphunzitsi. Funso ndi yankho limenelo anali atalisiya ku Kawale ali mnyamata, ndipo pa dziko lonse panali munthu mmodzi yekha wofunsa ndi kamvekedwe kameneko: a Laws Luhanga.

Masiku amenewo Jeremiah anali mu Sitandade 8, akubwereza monga ankabwerezera aliyense, kudikira mwayi wa sekondale umene unkagwera ana a eni ake. A Luhanga anali mphunzitsi wamtali wa tayi yopyapyala. Anthu ankati anaphunzira zokaphunzitsa Chifalansa ku sekondale, koma anawaponya ku pulayimale chifukwa cha pakamwa. Chilankhulocho chinkawayabwa. Tsiku lina analengeza kuti wofuna azitsala sukulu ikaweruka. Sichinali cha pamayeso, ndipo bambo ake a Jeremiah atamva anangoti, "Chifalansacho amadyera ndiwo yanji?" Koma anyamata ndi atsikana ankatsala, njala ili m'mimba, milomo ili mbuu.

Mabuku ankabwera m'katoni ya sopo. Anali a chikuto chobiriwira chofwifwa, akale kuposa ana owawerengawo, masamba ake achikasu ngati fodya wa m'chigafa, onunkha mphemvu ndi chinyezi. Sukulu ina ya mishoni inali itawataya. Buku limodzi linkazunguliridwa ndi mitu ingapo, ndipo amene wakhala mbali yolakwika ankaphunzira Chifalansa chozondoka.

M'bukumo munali banja la a Ferrand. Bambo Ferrand ankavala chipewa ndipo ankayenda ndi buledi wamtali ngati chikuni atam'panira m'khwapa. Ana anaseka mpaka misozi. "Buledi wa m'khwapa! Ameneyo adye okha!" anakuwa Chisankho, mnzake wa Jeremiah wa pabenchi, ndipo a Luhanga anaseka nawo, kenako n'kumukoka khutu. Mayi Ferrand nthawi zonse ankamwetulira kukhitchini. Galu anali ndi dzina komanso kanyumba kake. Pa tsamba lina kunkagwa zinthu zoyera kuchokera kumwamba, ndipo ana anagwirizana kuti umenewo ndi ufa, n'chifukwa chake anthu a kumeneko ndi onenepa. M'buku limenelo simunkadwala munthu. Simunali maliro, simunali kuthamangitsidwa chifukwa cha yunifolomu yong'ambika. Sitima inkafika nthawi yake, wa positi ankabweretsa uthenga wabwino wokhawokha, ndipo madzulo banja lonse linkakhala patebulo, aliyense ndi mbale yakeyake.

Munalinso Odile, mwana wamkazi wa a Ferrand, wa riboni kumutu. Jeremiah ankamuphimba ndi chala chachikulu kuti Chisankho asamuone.

"Chotsa chala, iwe, tiwerenge!"

"Werenga mawu. Zithunzi sizikukukhudza."

Chilankhulocho chinali chachinyengo, zilembo zambirimbiri papepala koma pakamwa n'kutuluka zochepa, ngati thumba la makala la pamsewu lodzaza mitengo pansi. Komabe chinkakoma. A Luhanga ankati chidzawatsegulira makomo. Ankati tsiku lina mmodzi wa iwo adzatsika sitima ija n'kugula yekha bulediyo. Jeremiah, amene anasankhidwa kukhala monitala wonyamula katoni, ankakhulupirira kuti mmodziyo ndi iye.

Kenako kunafika chaka chija aphunzitsi akumpoto analamulidwa kubwerera kwawo. Lolemba lina m'kalasi munalowa mphunzitsi wina. Jeremiah anathamangira kunyumba ya aphunzitsi n'kupeza chitseko chili pululu, pabwalo pali mapazi a lole ndi zitosi za nkhuku. A Luhanga anali atapita ndi bedi, ndi mkazi, ndi katoni yonse. Osasiya ngakhale buku limodzi, osatsanzika ngakhale monitala wawo. Jeremiah sanasankhidwe kupita ku sekondale. Malume ake anamupatsa nyundo ndi sizasi ya malata, ndipo makomo amene anatseguka ndi a mbaula basi. Chisankho anakafera ku Joni. Chifalansa chinatsala chotukwanira nyundo ikaphonya. Kamodzi kokha Jeremiah anachiyesa pa munthu, m'Burundi wina wa golosale ku Biwi. Anamuuza mwaulemu wonse kuti sitima yafika pa siteshoni. Munthuyo anamuyang'ana n'kufunsa m'Chichewa, "Mukufuna sopo, abambo?"

"Amisiri! Tatsikani kaye."

Anali Keziah, ataima pansi pa makwerero, mbale ya phala ili m'manja. Jeremiah anatsika mosafulumira.

"Ndinu mwayankha?"

"Pakamwa panaterereka. Pepani."

"Mumawadziwa adada?"

"Ndinkawadziwa. Ku Kawale, kale. Iwo sangandidziwe."

Keziah anakhala pa njerwa imene inali pomwepo, n'kufotokoza ngati munthu amene wafotokozera anthu ambiri mpaka mawu anatha kukoma. Bambo ake anagwa ndi sitiroko. Dzanja lamanja ndi mwendo zinafa. Atabwerako kuchipatala, Chitumbuka chinali chitapita, Chichewa chitapita, Chizungu chitapita. Chinatsala ndi Chifalansa chokha, chimene iye sanawamvepo akuyankhula chibadwire, poti kumpoto ankaphunzitsa masamu ndi zaulimi mpaka kupuma.

"Ndinafufuza pafoni tanthauzo lake," anatero. "Akufunsa kuti ichi n'chiyani. Aiwala supuni, amisiri. Aiwala kapu. Ndimawauza, adada iyi ndi supuni, timadyera. Ndawauza m'zilankhulo zonse, ngakhale Chifalansa chomwecho cha pafoni. Amangondiyang'ana, kenako n'kutaya. Masiku apita osadya chinthu chooneka. Adokotala ati zikapitirira mawa tibwerere nawo akawaike paipi ya m'mphuno. Ndipo adada ali bwino ankanena, chilichonse mundichite koma paipi ayi."

Jeremiah anayang'ana phala limene linali litayamba kuuma pamwamba. Mumtima mwake munali kachinthu kouma kamene kankati, zisiye, si zako. Munthu amene anakusiya osatsanzika, lero iwe ukamudyetse? Ana ake ali ndi mpanda, ali ndi madokotala. Iwe unabwerera ngalande.

"Sanaiwale supuni," anapezeka atanena. "A Luhanga sankafunsa chinthu chimene sakuchidziwa. Akafunsa ndiye kuti akuphunzitsa."

Keziah anamuyang'ana nthawi yaitali. "Talowani muwaone."

"Nsapato zanga n'zamatope."

"Lowani nazo."

Chipindacho chinkanunkha mankhwala opaka ndi sopo. Munthu wamtali uja anali atatha, wotsala ngati mtolo wa bango pansi pa bulangete, atatsamira mapilo, mlomo utakhotera mbali imodzi. Koma maso anali omwe aja, ofufuza amene sanasambe m'khosi. Jeremiah anavula chipewa, manja n'kupita okha kumbuyo.

"Bonjour, Monsieur," anapereka moni.

Nkhalambayo inangotambasula dzanja lamanzere, n'kutola kapu pa katebulo, n'kuikweza.

"Qu'est-ce que c'est?"

"C'est une tasse, Monsieur."

Yankho linali lolondola, Jeremiah anadziwa. Koma a Luhanga anayang'ana kupyola iye, kukhoma, kumakona, ngati akusaka anthu. Anaika kapu pamiyendo, n'kukweza dzanja kuseri kwa khutu, n'kudikira. Anadikira. Kenako nkhope inachita mdima, dzanja n'kukankha kapuyo, madzi n'kumwazika pa simenti.

"Mwaona?" ananong'ona Keziah. "Ndi zomwezo."

Jeremiah anatuluka nkhope ikutentha. Anali atayembekeza chiyani? Kuti amutchula dzina? Kuti apepesa za katoni? Chitsiru chimakalamba ndi uchitsiru wake. Anafika pakhonde n'kutola thumba la zida.

"Zakanika, abambo?" anafunsa mayi wina wojintcha wa magalasi, amene ankaoneka kuti ndiye mtsogoleri wa amayiwo. Anzake ankamutchula kuti mama Zipora. "Ife timati mwina akuyankhula ndi angelo. Tikaimba amatiyang'ana ngati taba nkhuku."

"Angelo ake ati," anatero Jeremiah. "Munthu ndamuyankha bwinobwino, iye n'kumagwira khutu ngati..."

Anaima pomwepo. Dzanja kuseri kwa khutu. Analiona dzanja limenelo masana aliwonse m'kalasi ya mazenera opanda magalasi. Mwana mmodzi akathamangira kuyankha yekha, a Luhanga sankamuyang'ana n'komwe. Ankaika dzanja kukhutu n'kunena, "Ndamva mbuzi imodzi. Khola lonse lili kuti?" Ndipo sankapitirira, ngakhale dzuwa lipendeke, mpaka kalasi yonse itayankha ndi mawu amodzi ogwedeza malata.

"Akufuna kalasi," anatero Jeremiah, akutsitsa thumba. "Munthu mmodzi samuwerengera."

Mama Zipora anakutumula makoko a mtedza pachitenje. "Kalasi? Nanga ife tabwerera chiyani? Tiyeni amama, imirirani. Tatopa n'kuimbira munthu wosafuna nyimbo."

"Ine sukulu ndinaithawa ndili Sitandade 3," anadandaula mayi wina wokalamba, mama Tusekele, akudzuka mogwira bondo. "Lero yandipeza ku Area 25."

Jeremiah anawaimika kuseri kwa nyumba, pafupi ndi thanki ya madzi, kuti wodwala asamve. Anatuma Keziah kukatenga supuni, kapu, mbale ndi buledi. Sanaphunzitsepo munthu china chilichonse kupatula kupinda lata, ndipo thukuta linamutuluka.

"Ndikakweza ichi, muziti: c'est une cuillère."

"Setini chiyani?"

"Cuillère."

"Kwiyere. Ngati dzina la munthu wa ku Karonga."

"Musaseke, amayi. Nonse pamodzi."

Anayesa, koma aliyense anatulukira khomo lake. Mama Zipora anagwedeza mutu. "Abambo, simudziwa kuphunzitsa amayi. Tipatseni ife." Anang'ung'uza kamvekedwe, n'kukweza dzanja monga amachitira ku kwaya, ndipo amayiwo analowa onse nthawi imodzi, ena mawu apamwamba, ena apansi, mama Tusekele n'kukokera besi.

"Si nyimbo iyi!" anakalipa Jeremiah.

"Koma talowa pamodzi kapena ayi?"

Analowadi pamodzi.

Jeremiah anawaphunzitsa kapu, mbale, buledi, moni wolowera ndi wotsanzikira. Zina zinkabwera zokha ngati madzi a pampopi, zina ankazisaka n'kupeza dzenje lokhalokha. Keziah anaima kumapeto kwa mzere, akuyankha nawo.

Analowa m'chipinda mwa ndandanda n'kukhala pansi pa simenti m'mizere iwiri, miyendo yotambasula, maduku ali mbee. Jeremiah anaima pakhomo pomwe monitala ankaima. Anakonza kukhosi.

"Levez-vous!"

Amayiwo anadzuka, mawondo akulira.

"Bonjour, Monsieur!"

Mawuwo anadzaza chipinda mpaka katani anagwedezeka. A Luhanga anatembenuza mutu pang'onopang'ono. Maso awo anayenda pa mzere woyamba, n'kupita wachiwiri, akuwerenga mitu. Dzanja lamanzere linakwera pakhosi, kusaka tayi imene panalibe, n'kukonza kolala ya malaya ogonera.

"Bonjour, mes enfants," anatero. "Asseyez-vous."

"Ati chiyani?" ananong'ona mama Tusekele.

"Ati ndinu ana awo, khalani pansi."

"Yewo, adada," anatero mayiyo, n'kudzigwetsa pansi.

Supuni inakwera m'mwamba. Funso linagwa. Mama Zipora anatukula chala, ndipo khola lonse linayankha. A Luhanga anatseka maso ngati munthu amene wamwa madzi ozizira pa dzuwa la Okutobala.

"Très bien."

Mawu awiri amenewo, otanthauza kuti mwakhoza kwambiri, Jeremiah ankawasaka sabata yathunthu ali mwana, ndipo akawapeza ankapita kunyumba osaponda pansi. Anayang'ana kudenga kuti amayi asamuone m'maso.

Inakwera kapu, inakwera mbale, unakwera buledi. Kenako chala chinaloza chitseko, chimene sanakonzekere. Jeremiah ananong'oneza, amayi n'kubwereza. Chinaloza zenera, n'kuteronso. Chitaloza pilo, Jeremiah anasowa chonena. Mwina m'buku lija munalibe pilo, mwina zaka zinadya. A Luhanga anachita tsk ndi lilime, n'kutchula okha mawuwo, n'kulamula kuti abwereze, kawiri, katatu, mpaka anakhutira. Mawu awo ankamka nalimba. Tsaya lamoyo lija linayamba kuoneka magazi.

Keziah anaona kuti nthawi yake ndi imeneyi. Anadzuka pamzere, n'kutenga phala limene anali atatenthetsanso, n'kugwada pambali pa bedi.

"Adada, tsopano idyani."

A Luhanga anamuyang'ana monga ankayang'anira mwana wodzuka popanda chilolezo. Chala chinaloza pansi pamene anachoka. Keziah anayandikizabe supuni kumlomo. Nkhalamba inatembenuzira nkhope kukhoma, mano atalumana.

Keziah anaika mbale pansi n'kutuluka mothamanga. Jeremiah anamupeza pakhonde atagwira chipilala, mapewa akugwedezeka.

"Zathandiza chiyani?" anatero mayiyo osatembenuka. "Asangalala, inde. Koma adya? Munthu sakhala moyo ndi très bien. Mawa ndi paipi basi."

M'chipinda funso linkamvekabe, ndipo amayi, atasowa wowanong'oneza, ankayankha supuni pa chilichonse. Jeremiah anayesa kukumbukira ngati anawaonapo a Luhanga akutafuna kanthu. Ayi. Aphunzitsi a nthawi imeneyo sankadya pamaso pa ana, zinali ngati kuvula. Chimene ankakumbukira n'chakuti akazi awo ankatumiza mbatata kapena chigumu m'mbale yovundikira ndi inzake, n'kuikidwa pakona ya tebulo. Mbaleyo inkakhala pomwepo phunziro lonse, ana akuimeza ndi maso. Inkavundukulidwa pokhapokha belu litalira, ana atatsanzika, womaliza atatseka chitseko.

"Mayi," anatero, "bambo anu ali pantchito. Simungawadyetse ali pantchito. Tiyenera kuweruka."

"Ndiye tiwauze kuti tatha."

"Sauzidwa ndi mwana wasukulu. Amauzidwa ndi belu. Phalalo livundikireni ndi mbale ina, muliike pa katebulo, supuni pambali. Belu likalira tonse tituluke. Inunso."

"Ndiwasiye okha? Akatsamwa? Dzanja lake ndi lamanzere, sanadyerepo."

"Ine ndikwera makwerero ndiziwaona pazenera. Akatsokomola ndikuwa."

Keziah anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Ankaoneka kuti sakukhulupirira, ndipo Jeremiah sanamuimbe mlandu, poti iyenso sakanakhulupirira munthu wokhoma ndowa. Koma mayiyo analowa kukhitchini.

Belu la ku Kawale linali mkombero wa gudumu la lole wopachika pa mtengo wa mthethe. Jeremiah anazungulira bwalo akugogoda zinthu ndi chikhadabo. Geti linkalira mopepera. Thanki inkalira ngati ng'oma. Kuseri kwa khitchini anapeza khasu lakale lopanda mpini. Analimanga ndi waya, n'kulipachika pa nthambi ya mpapaya, n'kutulutsa nyundo. Anakumbukira kamenyedwe kake: kangapo mofulumira, kenako kamodzi kotsekera.

Ngwe, ngwe, ngwe, ngwe, ngweee!

Anathamangira m'chipinda. A Luhanga anali atasiya chala m'malere, mutu utapendekera kuzenera. Anayang'ana padzanja pamene kale pankakhala wotchi, n'kupumira m'mwamba monga munthu amene nthawi yamuchepera. Mbale yovundikira inali pa katebulo.

"Levez-vous!" analamula Jeremiah.

"Au revoir, Monsieur!"

"Au revoir, mes enfants. À demain."

Amayi anatuluka mwa ndandanda. Keziah anazengereza pakhomo mpaka mama Zipora anamukoka dzanja. Jeremiah anatsala womaliza. Anaima pang'ono, chipewa m'manja, kuti mwina maso aja amuyang'ana iye payekha. Anamuyang'anadi, koma monga ankayang'anira mwana aliyense wochedwa kutuluka. Chala chinaloza chitseko. Jeremiah anatuluka n'kutseka.

Anakwera makwerero mosapanga phokoso. Pansi pake amayi anaunjikana, makosi ali m'mwamba. Pamwamba pa katani anaona nkhalamba itakhala duu, ikumvetsera ngati ana apitadi. Inakhala choncho nthawi yaitali, mpaka mwendo wa Jeremiah unayamba dzanzi. Kenako dzanja lamanzere linayenda pa bulangete, n'kufika pa katebulo. Linakankha mbale yapamwamba, imene inagwera pabedi. Linasaka supuni, n'kuigwira mokhota ngati mwana wophunzira kulemba. Supuni yoyamba inathera pachifuwa. Yachiwiri inagunda chibwano. A Luhanga anachita tsk, n'kuweramitsa mutu kuti mtunda uchepe.

"Akudya?" ananong'ona Keziah.

Jeremiah anamuimika ndi dzanja. Ankayang'ana pakhosi pa nkhalambayo, pamene kafupa kanakwera, n'kuima, n'kutsika.

"Amisiri, chonde. Akudya?"

"Akutaya lambiri."

"Koma akudya?"

"Akudya."

Keziah anakhala pansi pa dothi pomwepo, nkhope m'manja. Mama Tusekele anayamba kanyimbo ka chiyamiko, anzake n'kumutseka pakamwa. Kenako panalibenso chofunsa, chifukwa onse ankamva okha kulira kwa supuni ikupala mbale, pang'onopang'ono, kupuma, n'kuyambanso.

Mama Zipora anagwedeza mwendo wa makwerero. "A monitala," ananong'ona. "Paja pomaliza ati chiyani?"

"Ati tionana mawa."

"Ndiye mawa nthawi yanji? Tiuzane, ena tili ndi adzukulu ophikira."

Jeremiah anayang'ana ngalande imene anali asanaikhome ngakhale msomali umodzi, n'kuganiza za minibasi ziwiri za pakati pa Kawale ndi kuno, ndi benchi yake ya kumsika imene ikhale yopanda munthu. Anayang'ananso m'chipinda. Nkhalamba inali ikunyambita supuni.

"Ana a pulayimale akamaweruka," anatero. "Mubwere mutadya, phunziro limatalika. Ndipo inu mama Tusekele, besi ija muisiye kutchalitchi."